Tsiku Limene Nsomba za Ababa Zinawoloka Msewu

Ababa anasiya kugona chaka chimene anadwala. Matenda ofa ziwalo anawapeza ali m'bwato, anthu atangomaliza kukolola mpunga, ndipo anawasiya ndi mkono wamanzere wolendewera, mwendo wokhwekhwereza ndi pakamwa popotokera mbali imodzi. Zimenezi sankazidandaula kwenikweni. Chimene chinkawadya chinali tulo. Akangoti atseke maso ankaona nsomba, zonse zimene anapha chiyambire ali mnyamata, zitaunjikana m'bwato, pakamwa pakutseguka n'kutsekeka.

"Zikanakhala kuti zikunditukwana, bola," anandiuza tsiku lina ndikuwasisita phazi ndi mafuta. Mawu awo ankatuluka pang'onopang'ono ngati akuwazula m'matope. "Koma zimangondiyang'ana, Nwe. Sizinena kanthu."

Amayi anamva ali kophikira. "Ko Thaung, nsomba zomwezo n'zimene zaphunzitsa mwana wanuyu mpaka kumaliza sekondale. Zikabweranso muziuze zidzaonane ndi ine. Ndine ndinkazithira mchere."

Amayi ndi otero pakamwa. Koma ndinkawaona akuwakonzera pilo kangapo patsiku, ndipo anasiya kupala nsomba pamalo amene Ababa angaone.

Kwathu kuno aliyense amadya nsomba, ndipo aliyense amadziwa zimene amonke amaphunzitsa za munthu wochotsa moyo. Msodzi akakhala ndi mphamvu saziganizira. Amadzaziganizira ali pamphasa. Ababa anaonda, maso analowa m'kati, ndipo kutsika makwerero a nyumba anakana kwamtuwagalu, poopa kuti anthu aona pakamwa pawo.

Thingyan, nyengo yathu ya chikondwerero chothirana madzi, itayandikira anandiitana. Ankafuna kuti tsiku la chaka chatsopano, masiku othirana madzi akatha, adzamasule nsomba m'ngalande yaikulu ya kuseri kwa msewu ndi dzanja lawo lomwe, monga amachitira ofuna kupepukitsa mtima.

"Mwina zikaona ndikuzibweza, zidzandisiya ndigone," anatero.

"Ndikagule kumsika, Ababa?"

"Zogula ayi. Zimenezo wina wazigwira dala, podziwa kuti kuli nkhalamba zamantha ngati ine. Upite kuminda. Ukapeze zimene zikufadi."

Ndinapita m'mamawa dzuwa lisanayambe kuluma. Minda inali yong'aluka, ziputu za mpunga zikubaya kumapazi. Padziwe posambira njati panatsala matope okhaokha, olimba ngati phala logona, ndipo akakowa anaima mozungulira ngati anthu odikira chakudya pamaliro. Nsomba zina zonse zinali zitafa kale, mimba kumwamba. Zinatsala ngabyema. Izo n'zosaoneka bwino, zazifupi ngati chikhatho, zobiriwira ngati ndere, minga pamsana, minga ina m'mphepete mwa zivundikiro za makha, zimene ife timati makutu. Ndinalowa m'matopemo mpaka m'mawondo n'kumazifufuza ndi manja. Iliyonse inandibaya. Palibe inathokoza. Pobwerera ndowa inali yolemera ndi matope kuposa nsomba, ndipo zala zanga zinatupa kwa masiku.

Ndinaziika mumbiya yaikulu ya pansi pa tsindwi, imene nthawi ya chilimwe imakhala yopanda kanthu. Ababa ankandilangiza ali pamphasa, mawu akudutsa m'ming'alu ya nsungwi za khoma.

"Madzi asapitirire theka, zingalumphe. Ndipo usavundikire. Nsomba imeneyo ukaitsekera mpweya imamira."

Zimenezo ndinaphunziranso kusukulu, zoti ili ndi kachipinda pamwamba pa makha kosungiramo mpweya, koma m'buku zinali zongojambula. Mumbiya muja ndinkaziona ndi maso. Imodzi imakwera mwakachetechete, kutulutsa mlomo, tapu, n'kubwerera pansi. Kenako ina. Ndinkakhala pamenepo nthawi yaitali chibwano chili pamlomo wa mbiya, ndikuziponyera mpunga wotsala. Ndinazikonda. Sizinkafuna kuti ndiziyankhula.

Ine ndi Thingyan sitigwirizana chiyambire ndili wamng'ono. Anzanga amadzola thanaka wambiri m'masaya, phala lachikasu la khungwa la mtengo, kukwera ngolo, kuvina ndi kuthira madzi aliyense wodutsa. Ine munthu akangonditchula dzina pagulu, lilime limauma. Kusukulu anyamata ankanditcha Ma Chete, ndipo amene anayambitsa dzinalo anali Ko Zeya, mwana wa mwini chigayo cha mpunga, yemwe chaka chimenecho ankayendetsa thirakitala ya bambo ake itakoka ngolo yodzaza migolo ya madzi ndi achinyamata. Ndikangomva nyimbo zawo zikuyandikira, ndinkalowa m'nyumba n'kutseka zenera.

Tsiku lomaliza lothirana madzi kunacha kotentha modetsa nkhawa, mphepo itaima. Chakumasana mitambo inabwera kuchokera kunyanja, yakuda bii, ndipo mvula inagwa ngati wina wagubuduza mgolo padenga. Amayi anathamangira tsabola amene anayanika pabwalo. Kwa aneba ana ankakuwa ndi chimwemwe. Ngakhale Ababa anakweza mutu n'kununkhiza.

"Maluwa a padauk aphuka mawa," anatero.

Ine ndinali nditakhala pambali pawo, kumvera phokoso la pamalata. Za mbiya sindinaganize. Mbiya imeneyo imakhala pansi pa nsungwi yotsitsa madzi a padenga chiyambire ndisanabadwe, kuti mvula yoyamba isatayike. Palibe amaisuntha, palibe amaiganizira.

"Nwe!" anakuwa Amayi kunja. "Nwe iwe! Alendo ako aja akupita osatsanzika!"

Ndinatsika makwerero osawaponda bwino. Mbiya inali itadzaza mpaka kusefukira, ndipo bwalo lonse linkayenda. Ngabyema zinali ponseponse m'matope. Ndinali nditaziwonapo zikuyenda ndili mwana, koma osati pafupi chonchi, osati zambiri chonchi. Imatsegula khutu limodzi, minga n'kukola pansi, kenako imakankha ndi mchira, thupi n'kugwera mbali inayo. Imatsegula khutu linalo, kukola, kukankha. Imayenda ngati munthu wamangidwa manja amene walumbira kuti afika basi. Ikatopa imaima, kuyasamula, n'kuyambanso. Zonse zinkalowera mbali imodzi, kumsewu. Msewu wathu anaukweza pamtumbira chifukwa cha madzi osefukira, ndipo mvula inkatsika pamtumbirapo kulowa m'bwalo mwathu m'timitsinje ting'onoting'ono. Nsombazo zinkakwera motsutsana ndi timitsinjeto.

Abakha anatuluka pansi pa nyumba makosi ali patsogolo. Amayi anawakumana ndi tsache.

"Chokani, mbava inu! Mukayerekeza mawa ndinu ndiwo! Ayi, mawa sitipha. Mkuja!"

Ndinatenga ndowa n'kuyamba kutola. Minga inalowa m'mabala akale koma sindinasamale. Ndinali nditatola zitatu kapena zinayi pamene ndinamva mawu kumwamba.

"Zileke."

Ababa anali atadzikhwekhwereza chokhala mpaka pakhonde, tsaya litatsamira pamtengo wa mpanda.

"Ababa, ndizibweza mumbiya. Ndichepetsa madzi. Mawa m'mawa mudza..."

"Zileke, mwanangu." Sanakweze mawu. "Zamva kuti dzanja la mawa ndi langa. Zalolera kukapsa pamsewu."

Ndinafuna kuwauza kuti si choncho, kuti ndi mvula chabe, kuti nsomba siidziwa dzanja la munthu. Koma ndinaona nkhope yawo, ndipo ndinadziwa kuti ndikazibweza mumbiya mokakamiza, mawa adzakhala akumasula akaidi amene anawakana kale. Ndinapendeketsa ndowa. Zimene ndinatola zinagwa m'matope n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika.

Mvula inaleka mwadzidzidzi monga inayambira. Dzuwa linatuluka laukali, konkire ya msewu n'kuyamba kufuka nthunzi. Timitsinje tija tinachepa, kenako tinauma. Nsomba zimene zinali patsogolo zinali zitafika pamwamba, pakonkire, ndipo zinangoima pamenepo zikuyasamula. Zina zinakakamira pakati pa mtumbira, mchenga utamatirira m'mamba. Kutsogolo kunali kouma, kumbuyo kunali abakha.

Ndi pamene ndinamva nyimbo, ndi kugunda kwa thirakitala pansi pa nyimbozo, ikuchokera kunyumba ya amonke.

Sindikumbukira kukwera mtumbira. Ndinangopezeka ndaima pakati pa msewu manja nditatambasula, nsalu yanga yodzaza matope, tsitsi lili m'maso. Thirakitala inalira mabuleki n'kuima. Madzi a ndowa yoyamba anandimenya pachifuwa, achiwiri kumaso, ozizira ndi ayezi. Pangolo anaseka onse.

"Taonani zodabwitsa!" anakuwa Ko Zeya, nkhope yake itapakidwa mwaye. "Ma Chete watuluka m'dzenje! Wabwera yekha kudzapempha madzi! Muthireninso, angasinthe maganizo!"

Wina analoza pansi. "Ee, ngabyema! Ndiwo zobwera zokha! Tatengani thumba, mafuta tikapempha kwa azakhali!"

Anyamata awiri analumpha pangolo. Ndinayang'ana pansi. Pafupi ndi chala changa chachikulu panali imodzi, itagona cham'mbali, khutu likutseguka koma osapeza pokola.

"N'za Ababa," ndinatero. Palibe anamva. Nyimbo zinali pamwamba.

"N'ZA ABABA!"

Ko Zeya anatembenuka n'kutsitsa nyimbo. Onse anandiyang'ana. Ndinayankhula maso ali pamatayala. Ndinati ndinazitola m'matope kuminda, kuti Ababa amafuna kudzazimasula mawa, kuti sagona, kuti zathawa mumbiya ndipo zikufuna ngalande. Mawu ankaphonyana koma anatuluka. Anyamata aja anayang'ana kukhonde kwathu. Ambiri a iwo anaphunzira kuponya ukonde kwa Ababa, amene iwo amawatcha U Thaung Sein, ndipo chidwalire sanawaonepo.

Ko Zeya anakanda m'mutu. "Ndiye ukanangonena kuti zikufuna madzi. Ife ntchito yathu ndi chiyani lero? Anyamata, tsitsani migolo!"

Anathamangira kumunsi kwa mtumbira ndi ndowa, n'kuyamba kukhuthula madzi kumbuyo kwa nsomba kuti azikankhire kumtunda, akuimba ndi kuzilimbikitsa ngati ng'ombe za mpikisano. Madziwo anagunda mtumbira n'kubwerera. Nsomba zina zinakokoloka. Zina zinatembenuka bwinobwino, mutu kuloza kumene madzi akuchokera, n'kuyamba kubwerera kubwalo, kwa abakha.

"Zitsiru inu!"

Mawuwo anachokera pakhonde, opotoka koma aakulu, mawu amene kale ankawoloka mtsinje. Aliyense anaima ndowa ili m'manja.

"Mwamva?" anatero Amayi, tsache lili paphewa, maso ali jenjenje. "Wauka mwini wake."

Ababa ankayesa kufotokoza, dzanja likuloza kumsewu, koma mawu ataliatali ankawakolana pakamwa. Ko Zeya anafika pansi pa khonde n'kuika dzanja kukhutu.

"Amalume, kutukwana kokha n'kumene kwamveka bwino. Zinazo sitikumva. Tikunyamuleni?"

Sanadikire yankho. Anyamata anayi anakwera, kuwakhazika pampando wansungwi n'kutsika nawo ngati chifaniziro cha pachikondwerero. Ababa anakoka kansalu kamene kanali paphewa n'kutseka nako pakamwa ndi dzanja lawo labwino. Anawadutsitsa pabwalo, kuwakweza mtumbira, aliyense akuyang'ana poponda. Ababa analoza ndi chibwano tsidya lina la konkire, m'mphepete moyang'ana ngalande, pamene msewu ndi wokwererapo pang'ono. Anawaika pamenepo.

"Kumtunda," anatero m'kansalu muja. "Muthire kumtunda. Pang'onopang'ono. Izi zimatsata kumene madzi akuchokera."

Mnyamata wina anakhuthula ndowa yonse kamodzi. Ababa anapukusa mutu mwaukali. Mtsikana wina wa pangolo, Ma Thida, anatunga madzi m'mbale yake yachitsulo yothirira akuluakulu, n'kuwapatsa atagwira ndi manja awiri.

"Tiwonetseni, amalume."

Ababa anayang'ana mbaleyo. Dzanja logwira ntchito anali nalo limodzi, ndipo linali pakamwa. Ndinaona zala zawo zikufinya kansalu kaja. Kenako anakasiya kagwere pamiyendo, n'kulandira mbale. Palibe anayang'ana kumbali, palibenso anayang'anitsitsa.

Anapendeketsa mbale pang'ono chabe. Madzi anatsika ngati ulusi, n'kuyenda pakonkire, kuwoloka msewu, kutsetsereka pamtumbira. Atafika pa nsomba ija inagona cham'mbali, inagwedezeka. Inadzuka, kutembenuza mutu, kutsegula khutu. Kukola, kukankha. Ina inatsatira. Ndinagwada pambali pa mpando n'kumadzaza mbale isanathe, Ma Thida akundipatsira, anyamata akugubuduza migolo kuiyandikitsa. Kanjira konyowa kaja sikanaduke. Kumunsi, zimene zinabwerera zija zinatembenukanso.

"Ndi mmene ndinkazigwirira," Ababa anandiuza motsitsa mawu, maso ali pamadzi. "Mvula yoyamba. Kutsegula kamzere, kutchera mono kumtunda. Zinkabwera zokha. Madengu kudzaza."

"Lero mono mulibe, Ababa."

Nsombazo zinkawoloka msewu pamzere wokhotakhota, zikugwa uku ndi uku, zonse kulunjika padzanja lawo. Zikafika pampando zinkadutsa pansi pake, kufika pa udzu wa tsidya linalo, n'kugubuduzika zokha mpaka m'ngalande. Iliyonse ikati chubwi, a pangolo ankakuwa ngati chigoli. Njinga zamoto zinaima mbali zonse ziwiri, ndipo eni ake, m'malo moliza mabelu, anatsika kudzaonerera.

Si zonse zinafika. Khwangwala anatsika n'kunyamula imodzi tonse tikuona. Ina inafera pamtumbira, ndipo Amayi anaiphimba ndi phazi mwachinsinsi.

"Ndaona, Pyone," anatero Ababa.

"Mwaona chiyani? Thirani madzi, mukutayitsa nthawi."

Chakumapeto kunabwera ina yaikulu, yakuda, yong'ambika chipsepse. Inayenda mwaulesi, kuima kawirikawiri. Itafika inagunda phazi la Ababa lakufa lija n'kuima pomwepo, mutu uli pachala chawo, ikuyasamula. Ababa anawerama. Anayang'anana nayo nthawi yaitali, madzi akudontha m'mbale pamsana pake.

"Iyi ndiye ikundiyang'ana," anatero.

Ndinaleka kudzaza mbale. Koma Ko Zeya ananjuta pafupi, nkhope ili yozama ngati womasulira kukhoti.

"Ikuti chiyani, amalume?"

Ababa anatchera khutu kwa nsombayo. Mbali yamoyo ya pakamwa pawo inakwera.

"Ikuti chotsa phazi, nkhalamba iwe, ndidutse."

Anthu anafa nacho chiseko. Ndinagwira phazi lawo ndi manja awiri n'kulikweza. Linali lolemera ndi lozizira. Nsombayo inakola, inakankha, inadutsa pansi pake.

"Nenani mawu aja madzi asanathe," anatero Amayi.

"Tsiku lake ndi mawa."

"Nsomba zili ndi kalendala? Nenani, Ko Thaung."

Mawu ake tonse timawadziwa, ngakhale ana: ndakumasula kamodzi, iwe udzandimasule kakhumi. Ababa anayang'ana kungalande, kumene madzi ankachita timizere tozungulira apa ndi apo, milomo ikutuluka kudzatenga mpweya.

"Ndakumasulani kamodzi," anatero. Tinadikira. "Kakhumi n'kambiri. Sindingapemphe. Kamodzi komweko."

Anathira madzi otsala pa udzu n'kundipatsa mbale.

Anyamata anayamba kukweza migolo yopanda kanthu pangolo, akunyozana za amene anathira mopusa kwambiri. Ma Thida anandipaka thanaka patsaya osandifunsa, ndipo ndinamulola. Amayi anapita kukatenga ambulera chifukwa dzuwa linali pamutu pa Ababa. Atabwera nayo anaima, n'kundikodola ndi maso.

Mutu wa Ababa unali utagwera paphewa. Pakamwa panali potseguka pang'ono, dzanja lili pabondo chikhatho kumwamba, madzi akadali m'mizere yake. Ankapuma mozama, mofanana, ndipo kenako tinamva kamkonono.

Ko Zeya anali atakwera kale pampando wa thirakitala, dzanja lili pakiyi. Amayi anamuloza ndi ambulera.

"Ukangoiliza imeneyo, ndikuthira mchere ngati nsomba."

Anatsika mwakachetechete. Ananong'onezana ndi anzake, wina anagwira chiwongolero, ena onse anaika mapewa kumbuyo kwa ngolo, atsikana omwe. Thirakitala inadutsa pambali pa mpando yosalira, matayala akungoti tswaa pakonkire yonyowa, ndipo anaikankha choncho mpaka kupitirira pamlatho. A njinga zamoto nawonso anadutsa akukankha zawo.

Amayi anandipatsa ambulera n'kukhala pansi m'mphepete mwa msewu, msana utatsamira mwendo wa mpando. Ine ndinaima nditaigwira pamwamba pa Ababa. Mkono unayamba kuwawa, koma sindinayerekeze kusintha dzanja, kuopa kuti mthunzi ungasunthe.